Chikwama cha Madzi cha Mayi Wothamanga m'Njira za m'Phiri

Chaka ndi chaka, m'nyengo yachisanu, anthu amasonkhana pa Likhubula m'boma la Mulanje kudzaonera mpikisano wa liwiro wotchedwa Porters Race. Mpikisanowu udayamba ngati wa anyamata amene ntchito yawo ndi kunyamula katundu wa alendo okwera phiri ndi kuwalondolera njira, koma masiku ano amathamanga nawo anthu ochokera m'madera osiyanasiyana, ndipo pakati pawo pali amayi ndi atsikana. Njira yake imachokera pa Likhubula kukwera ku Chambe, nidutsa pamwamba pa phiri kufika ku Lichenya, kenaka nitsikiranso pa Likhubula pomwepo. Mtunda wonsewo umapitirira makilomita 20. Si msewu ayi, koma kanjira ka miyala, mizu ya mitengo ndi matsitso oterera, kumene galimoto silingafike kudzatenga munthu amene wafooka.

Wothamanga m'bwalo la sukulu akamva ludzu amangopatuka nakamwa pa mjigo. Wa m'phiri alibe mwayi wotere. Madzi ayenera kuyenda naye, ndipo manja ake ayenera kukhala opanda kanthu, pakuti pokwera thanthwe kapena poterereka ndi manja omwewo amene amamupulumutsa. N'chifukwa chake anthu adapanga chikwama chovala ngati vesiti, chokhala ndi malo oikamo madzi. Phunziro lino likufotokoza za kasankhidwe ka chikwama chotere kwa munthu wamkazi, muyeso wa madzi oyenera kunyamula, ndi kasamalidwe kake. Zambiri mwa izi zikhudzanso mayi amene sathamanga mpikisano uliwonse, koma amakwera phiri kukatola nkhuni kapena amayenda mtunda wautali popita kuchipatala.

Zimene thukuta limachotsa m'thupi

Pafupifupi theka la kulemera kwa thupi la mayi ndi madzi. Munthu akamagwira ntchito yolemetsa thupi limatentha, ndipo njira yake yaikulu yodziziziritsira ndiyo kutulutsa thukuta. Wothamanga angathe kutaya kuyambira theka la lita kufikira malita 2 pa ola limodzi, malinga ndi kukula kwa thupi lake, liwiro lake ndi kutentha kwa tsikulo. Thukuta silituluka lokha: limatenga ndi mchere womwe. Ndicho chifukwa malaya a munthu amene wathamanga padzuwa amakhala ndi mizere yotuwa akauma.

Madzi akachepa m'thupi magazi nawonso amachepa, ndipo mtima umagunda mofulumira kuti ukwaniritse ntchito yake. Munthu amauma kukhosi, mutu umamupweteka, amachita chizungulire, ndipo mkodzo wake umakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri. Akataya madzi opitirira magawo 2 mwa magawo 100 a kulemera kwake, mphamvu zimayamba kuchepa moonekeratu, makamaka kukamatentha. Kwa mayi wolemera makilogalamu 50, imeneyi ndi kilogalamu imodzi yokha. M'bwalo losalala kufooka kotere kumangochedwetsa munthu. Pa matsitso a ku Lichenya, mwendo wonjenjemera ndi maso achizungulire zingathe kumuthyola fupa.

Pali njira yapafupi yakuti mayi adziwire muyeso wa thukuta lake. Akwere pasikelo asanayambe kuthamanga, athamange ola limodzi, apukute thukuta, avale zovala zouma zonga zimene anavala poyamba, ndipo akwerenso pasikelo yomweyo. Kilogalamu imodzi yochepa ndi pafupifupi lita imodzi ya madzi otayika. Ngati anamwa madzi panjira, awonjezere muyeso umenewo. Akachita chotere kangapo, tsiku lotentha ndi tsiku lozizira, adzadziwa zimene palibe wogulitsa chikwama angamuuze.

Kumene chikwamachi chidachokera

Anthu obwera kuchipatala amalidziwa bwino thumba la diripi limene limapachikidwa pambali pa bedi la wodwala. Chikwama cha madzi cha masiku ano chidachokera ku thumba lomwelo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Michael Eidson, amene ntchito yake idali yothandiza anthu ovulala mwadzidzidzi, adachita nawo mpikisano wa njinga wa mamailo 100 ku Wichita Falls, m'dera la Texas ku America, m'nyengo yotentha koopsa. Iye adadzaza madzi m'thumba la diripi, naliika m'sokosi, nalimangirira kumsana kwa malaya ake, kapaipi kake katadutsa paphewa kufika pakamwa. Maganizo amenewa ndiwo adabala kampani ya CamelBak. Lero makampani ambiri amapanga zikwama zotere, ndipo mipikisano ikuluikulu ya m'mapiri, monga Ultra-Trail du Mont-Blanc umene udayamba mu 2003 ku Chamonix m'dziko la France, imalamula wothamanga aliyense kunyamula madzi osachepera lita imodzi.

Thupi la mayi si thupi la bambo

Zikwama zoyamba zidasokedwa poyesa matupi a amuna, ndipo amayi adavutika nazo zaka zambiri. Kawirikawiri mayi ali ndi msana waufupi ndi mapewa ochepa poyerekeza ndi bambo wa msinkhu womwewo, ndiponso ali ndi mawere. Akavala chikwama cha amuna, chimatsikira m'chiuno, malamba ake amapululuka m'mapewa kapena kukhula m'khosi, ndipo zingwe za kutsogolo zimadutsa pakati penipeni pa mawere. Kamphindi kochepa izi sizioneka ngati vuto. Koma wothamanga amaponda pansi kambirimbiri pa ola limodzi, ndipo pophazi lililonse chikwama chosakhala bwino chimadumpha ndi kukhula malo amodzimodzi. Pofika ola lachiwiri khungu limasupuka, thukuta limalowa pachilonda, ndipo munthu amayamba kuthamanga mokhota pothawa ululu.

Chikwama chosokedwera amayi chimasiyana m'zinthu zitatu. Ndi chachifupi kumsana, kotero kuti chimakhala pamwamba, pakati pa mapewa, osafika m'chiuno. Malamba a m'mapewa ndi okhota kuti alambalale mawere. Zingwe za pachifuwa, zimene kawirikawiri zimakhala ziwiri, zimatheka kusunthidwa mokweza kapena motsitsa, kuti china chikhale pamwamba pa mawere ndipo china pansi pake. Mwa zitatuzi, chachitatu ndicho chofunika koposa. Chikwama chimene zingwe zake zidasokeredwa malo amodzi osasunthika, mayi achisiye ngakhale mtengo wake utatsika motani.

Mtundu wa nsalu suthandiza kanthu. Opanga ena amangotenga chikwama cha amuna, nachichepetsa pang'ono, nachinyika mu utoto wofiirira, kenaka nalembapo kuti ndi cha amayi. Komanso mayi wamtali, wa mapewa otambasuka ndi mawere ochepa, angathe kupeza kuti chikwama chosalembedwa kuti ndi cha amayi ndicho chimene chikumukhala bwino. Woweruza ndi thupi la mwini wake.

Asanagule, mayi adziyese pachifuwa ndi tepi ya telala atavala kamisolo amene amathamangira, chifukwa saizi za zikwama zimenezi zimatsata kukula kwa chifuwa, osati msinkhu wa munthu kapena saizi ya diresi. Opanga ena amafuna muyeso wa pamwamba pa mawere, ena wa m'nthiti pansi pa mawere, choncho ndi bwino kutenga miyeso yonse iwiri. Koma kuno kwathu zikwama zambiri zotere zimapezeka pakaunjika, pamene palibe pepala lofotokoza saizi, ndipo palibenso kubweza katundu. Pamenepo chofunika ndi kuyesa, ndipo kuyesa kwake kukhale kwa chikwama cholemedwa. Chikwama chopanda kanthu chimakhala bwino pa munthu aliyense. Wogula aikemo mabotolo odzaza madzi, amange zingwe zonse, kenaka adumphedumphe, awerame ngati akutola kanthu pansi, akweze manja ngati akugwira thanthwe, ndipo akoke mpweya wambiri. Anthu pamsika adzaseka, koma kusekedwa kwa tsiku limodzi n'kopepuka poyerekeza ndi zilonda za m'khwapa. Chikwama chabwino sichidumpha, sichikhudza khosi, sichiluma m'khwapa, ndipo sichitsekereza mpweya. Ngati zingwe zakokedwa kufika kumapeto koma chikwama chikugwederabe, ndiye kuti n'chachikulu. Ngati munthu akulephera kudzaza mapapo, n'chaching'ono. Aonenso mkati mwake ndi chala: msoko wokakala, zipi yotulukira kapena kachitsulo kalikonse kokhudza thupi kadzasanduka mpeni m'phiri.

Mayi woyamwitsa asamale koposa. Chingwe kapena botolo lopanikiza bere kwa maola ambiri lingathe kutsekereza mkaka ndi kutupitsa berelo. Ayamwitse mwana kapena afinye mkaka asananyamuke, amasule zingwe pang'ono, ndipo akumbukire kuti thupi lake limasowa madzi ochulukirapo chifukwa cha mkaka umene likupanga. Mayi woyembekezera, wochepa magazi, wa matenda a shuga kapena wa kuthamanga kwa magazi ayambe wafunsa kuchipatala asanayambe masewera otere.

Ngakhale chikwama chokhala bwino chimakhula pang'ono paulendo wautali. Kudzola mafuta a Vaseline m'khosi, m'khwapa ndi pansi pa mawere kumathandiza, monganso kuvala malaya okhala ndi manja kuti nsalu ya chikwama isakhudze khungu. Chikwama chatsopano chisayambe ntchito tsiku la mpikisano.

Thumba la kumsana kapena mabotolo a kutsogolo

Madzi amanyamulidwa m'njira ziwiri. Yoyamba ndi thumba lofewa la pulasitiki lokhala kumsana, lolowa lita imodzi ndi theka kapena malita 2, lokhala ndi kapaipi kofika pakamwa. Yachiwiri ndi timabotolo tiwiri tofewa, ta theka la lita kalikonse, tolowa m'matumba a kutsogolo. Thumba la kumsana limanyamula madzi ambiri ndipo silipanikiza mawere, koma munthu saona kuti madzi atsala ochuluka bwanji, kudzazanso kwake n'kochedwa, ndipo kutsuka kwake n'kovuta. Likakhala ndi mpweya mkati, madzi amakhutchumuka njira yonse. Kuti izi zithe, munthu alitembenuze chadodolido atalidzaza, nayamwe mpweyawo pakapaipi. Timabotolo timaonetsa madzi otsala, timadzazika msanga, ndipo timalola kuti kena kakhale ndi madzi okha pamene kena kali ndi madzi a shuga ndi mchere. Vuto lake ndi lakuti kwa mayi wa mawere aakulu timakhala pamwamba pa mawerewo, nitimapanikiza ndi kudumpha. Opanga ena adatsitsa matumba ake kuti timabotolo tizikhala m'nthiti pansi pa mawere, natiika timapaipi tatitali. Mayi wa chifuwa chachikulu afunefune chikwama chotere, apo ayi asankhe thumba la kumsana.

Nambala yolembedwa pachikwama imasokoneza ambiri. Pakalembedwa malita 5 kapena malita 12, si muyeso wa madzi ayi, koma wa malo onse oikamo katundu. Cha malita 5 chimakwanira ulendo wa maola awiri kapena atatu. Wokhala m'phiri tsiku lonse asowa cha malita 8 kufikira 12, chifukwa madzi si katundu yekhayo wofunika. Phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, limasintha nyengo mwadzidzidzi. Chiperoni ikafika, nkhungu imaphimba njira ndipo thukuta lomwe linali kuziziritsa thupi limasanduka mdani. Choncho m'chikwama mukhale malo a jekete yopepuka yosalowa mvula, chakudya pang'ono, foni ndi wezulo woitanira thandizo. Kuzizira kumachepetsanso ludzu, kotero kuti munthu amaiwala kumwa pamene thupi likutayabe madzi.

Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Wonyamula malita 3 paulendo wa ola limodzi akungodzilanga.

Madzi ochuluka nawonso amapha

Anthu ambiri adamva kuti kumwa madzi ambiri ndi kwabwino, ndipo amaganiza kuti sikungapitirire muyeso. Kwa wothamanga mtunda wautali izi si zoona. Munthu akamamwa madzi ochuluka kuposa amene akutaya, mchere wa m'magazi umasungunuka nuchepa mphamvu. Pamenepo madzi amalowa m'ziwalo, ndipo ubongo umatupa m'chigaza chimene sichingatanuke. Dokotala Tim Noakes wa ku Cape Town ndi anzake adafotokoza za vuto limeneli mu 1985, ataona othamanga mitunda yaitali ku South Africa, kuphatikizapo a mpikisano wa Comrades wa pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg. Pa mpikisano wa Boston Marathon wa 2002 ku America, madokotala adayesa magazi a othamanga 488 atamaliza, napeza kuti 13 mwa 100 aliwonse mchere wawo udali wotsika. Pa mpikisano womwewo mayi wina wa zaka 28 adamwalira ndi vutoli.

Amene ali pachiopsezo chachikulu ndi a thupi laling'ono ndi amene amakhala panjira maola ambiri, chifukwa amakhala ndi nthawi yaitali yomwa pamene thukuta lawo ndi lochepa. Amayi ambiri oyamba kumene masewerawa ali m'gulu limeneli. Chikwama chomwe chimawonjezera yesero, pakuti kapaipi kali pafupi ndi pakamwa ndipo munthu amangoyamwa mosaganiza. Langizo la madokotala a zamasewera masiku ano ndi lakuti munthu amwe akamva ludzu, pang'onopang'ono, osati kudzikakamiza kumaliza thumba. Ngati atamaliza kuthamanga sikelo ikuonetsa kuti walemera kuposa pamene ananyamuka, ndiye kuti wamwa mopitirira.

Choopsa n'chakuti zizindikiro za mavuto awiriwa zimafanana: mutu, nseru, kusanza ndi kufooka. Anzake a wodwala amathamangira kumumwetsa madzi ena, osadziwa kuti akuwonjezera vuto. Wothandiza ayambe wafunsa kuti munthuyo wamwa madzi ochuluka motani. Wochepa madzi amakhala ndi ludzu, m'kamwa mouma ndi mkodzo wochepa. Womwa mopitirira kawirikawiri alibe ludzu, mimba yake imakhala yodzaza, ndipo zala zake zimatupa kotero kuti mphete kapena wotchi imathina. Wotereyu asapatsidwenso madzi. Aliyense amene wayamba kulankhula zosamveka, kusokonezeka, kugwa khunyu kapena kukomoka atengeredwe kuchipatala msangamsanga, ndipo wokomoka asathiridwe kanthu m'kamwa. Ngati thupi lake likutentha kwambiri, aikidwe pamthunzi ndi kuthiridwa madzi ozizira thupi lonse pamene akukonza zomunyamula.

Paulendo wopitirira maola awiri ndi bwino kudya kanthu panjira, monga nthochi, mbatata yophika kapena mtedza wokazinga wothira mchere. Madzi a Thanzi ORS, paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi abwino, amathandiza munthu amene wataya thukuta lambiri, koma nawonso si chilolezo chakumwa mopanda muyeso. Mankhwala opha ululu a mtundu wa Brufen asamwedwe pokonzekera kapena pothamanga mtunda wautali, chifukwa amalemetsa impso pa nthawi imene zikugwira kale ntchito yaikulu.

Ukhondo wa madzi ndi wa chotengera

Madzi a m'mitsinje ya m'phiri amaoneka oyera mbee, koma maso saona tizilombo toyambitsa matenda otsekula m'mimba, makamaka m'munsi mwa malo amene anthu amagona kapena kudutsa. Mliri wa kolera umene udayamba m'dziko muno mu Malichi 2022 udapha anthu oposa 1,700, ndipo udali woopsa kuposa mliri wina uliwonse wa kolera umene Malawi adauonapo. Madzi oika m'chikwama akhale owiritsa mpaka kubwadamuka kwa mphindi imodzi yathunthu, kenaka oziziritsa asanathiridwe m'pulasitiki, kapena othira klorini pa muyeso umene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa, ndi kudikira mphindi 30 asanamwedwe.

Chotengera chomwe chingathe kudwalitsa. Thumba likasungidwa lonyowa limamera chuku, makamaka m'kapaipi ndi pakamlomo kake pamene dzanja silifika. Likangobwera kuchokera kuphiri likhuthulidwe, litsukidwe ndi madzi ofunda ndi sopo pang'ono, litsukuluzidwe bwino, ndipo lipachikidwe lotsekula, mkamwa mwake mutaikidwa supuni kapena kamtengo koyera kuti mbali zake zisamatane. Soda wophikira kapena madzi a ndimu amachotsa fungo. Thobwa, mkaka ndi tiyi zisathiridwe m'thumba la kumsana, chifukwa zimasasa msanga ndi kutentha kwa msana ndipo zotsalira zake sizichoka m'kapaipi. Wogula chikwama pakaunjika angathe kuchapa nsalu yake n'kuyera, koma thumba la madzi limene labwera nalo aliunike padzuwa. Ngati m'kapaipi muli timadontho takuda timene sitichoka potsuka, alitaye, agwiritse ntchito mabotolo wamba m'matumba a kutsogolo. Kamlomo koyamwira n'ka munthu mmodzi, sikobwerekana.

Wopanda ndalama zogulira chikwama

Chikwama chatsopano n'chokwera mtengo, ndipo ambiri mwa othamanga a m'midzi yozungulira Mulanje, Zomba ndi Dedza sangachikwanitse. Iwowa asaleke kunyamula madzi chifukwa cha ichi. Mabotolo awiri a theka la lita, okulungidwa m'chitenje chopindidwa motalika ndi kumangidwa zolimba m'chiuno, mabotolo ali kumbuyo ndipo mfundo ili kutsogolo, amagwira ntchito yomweyo paulendo wa ola limodzi kapena awiri. Awiri aang'ono amaposa limodzi lalikulu, chifukwa kulemera kumagawikana ndipo sadumpha kwambiri. Telala waluso angathenso kusoka matumba awiri othina kutsogolo kwa vesiti yolimba, atamuyesa mwini wake pachifuwa, kuti mabotolo akhale m'nthiti.

Botolo lake likhale limene munali madzi akumwa kapena chakumwa china. Mabotolo ndi zigubu zimene munali mankhwala opopera thonje, fodya kapena ndiwo zamasamba, mankhwala a ziweto, mafuta a galimoto kapena palafini zisagwiritsidwe ntchito ngakhale zitatsukidwa kangati, pakuti poizoni wake amalowerera m'pulasitiki ndipo amatuluka pang'onopang'ono m'madzi, makamaka botolo likatenthedwa ndi dzuwa.